Girisi wa a Khalidi

A Khalidi anachoka ku Machinga akudziwa kumata matayala a njinga basi. Umakaniki anauphunzirira ku Bellville konkuno, kudziko la eni, pongoyang'ana manja a ena, mpaka Amalawi anzawo anayamba kuwatchula kuti dokotala wa mawaya. Ankagwirira ntchito pabwalo la kuseri kwa mashopu a holoselo, limene ankagawana ndi a Zakeyu a ku Ntcheu, owongola magalimoto ophwanyika. Awiriwa anali oti wina akachoka ankasiyira mnzake makiyi.

M'nyengo ya mvula, imene kuno imagwa mu Julaye, apongozi awo, Che Rajab, anabweretsa pikiyapu imene ankaperekera katundu m'timashopu ta ku Wallacedene. Madzi ankadontha pansi pa galasi lakutsogolo n'kunyowetsa kompyuta yoyendetsa injini. A Khalidi anachotsa batire, anamasula kabokosi ka kompyutayo, n'kukasiya pashelefu usiku wonse kuti kaume. Pobwezeretsa m'mawa mwake, anapaka girisi wa kopa m'kati mwa pulagi yake yolumikizira mawaya, poganiza kuti madzi asadzalowenso.

Galimoto inalira pang'ono, inatsokomola, n'kuzima. Anayesanso, koma zii.

Che Rajab anali chilili pomwepo, manja kumbuyo. A Khalidi anayamba kutuluka thukuta ngakhale kunkazizira. Apo ndi pomwe anakumbukira kuti dzulo lake a Zakeyu ndiwo anatsala ndi makiyi.

"Kabokosika si kaja ndinachotsa ine," anatero mokweza. "A Zakeyu, mwasinthitsa ndi ndani?"

A Zakeyu anaika hamala pansi. "Achimwene, mukunena ine?"

"Nanga makiyi anali ndi ndani?"

Amayi ogulitsa magwinya, mandasi a kuno, pageti anamva. Anamvanso madalaivala awiri amene ankadikira magalimoto awo. A Zakeyu anangovula ovololo n'kutuluka.

Masana a Khalidi anazulanso pulagi ija kuti aonetse apongozi awo umboni. Ataunika ndi tochi ya foni, anaona timano take tonse titadzaza phala lofiirira losakanikirana ndi mchenga. Girisi uja ali ndi chitsulo m'kati, ndiye ankadutsitsa magetsi kuchoka pa dzino lina kupita pa linzake. Nambala ya pa kabokosi inali yomwe ija.

Anatsuka pulagiyo ndi mankhwala opopera ndi mswachi wakale, dzino limodzilimodzi, anaiumitsa, n'kuikankha mpaka inati khethe. Injini inalira bwinobwino.

"Ndiye vuto linali chiyani, akamwini?" anafunsa Che Rajab.

A Khalidi anayang'ana pansi. "Ndine ndemwe, bambo."

"Musauze ine. Kauzeni munthu mwamutcha wakuba uja."

Tsiku lotsatira a Khalidi anakwera tekisi kupita ku Gugulethu, kumene a Zakeyu amachita lendi kachipinda kuseri kwa nyumba ya eni. Anawapeza akuchapa. Anapepesa ataima, chipewa chili m'manja.

"Ndamva," anatero a Zakeyu, osasiya kuchapa. "Koma munanditukwanira pagulu. Kuno kulibe anthu aja."

Lolemba m'mawa a Khalidi anaitana amayi a magwinya aja ndi aliyense amene anali pabwalopo, n'kufotokoza zonse. Dalaivala wina anaseka. A Zakeyu anangogwedeza mutu n'kutola hamala yawo.

Amagwirabe ntchito pabwalo limodzi, ndipo amapatsana moni. Koma chaka chatha mwana wa a Zakeyu atabatizidwa, a Khalidi anangozimvera kwa anthu ena.