Anatiuza Kuti Tibwerere ku India

Tsiku limenelo ndinkayanika tsabola padenga. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Bambo anali pabwalo, akukhoma chigamba papoto wamkuwa. Nkhondo ya ku Kosovo inali itangotha, ndipo tinkayesa kuti tapulumuka.

Ife ndife Aromani. Bambo ankati makolo athu anachoka ku India kalekale pangolo, atanyamula nyundo ndi ng'oma. M'banja mwathu munalibe amene anapondako.

Galimoto inaima pachipata. Munatsika amuna anayi amfuti. Wachisanu analibe mfuti. Anali bambo wa nyumba yoyandikana ndi yathu, amene bambo anga anamuimbira ng'oma pa ukwati wake. Iyeyo ndiye analoza khomo lathu.

"Bwererani kwanu ku India," anatero.

Amuna amfuti aja anawakweza bambo anga m'galimoto. Nsapato yawo imodzi inagwa pansi. Woloza khomo uja anaikankhira m'ngalande ndi phazi. Ndinamuyang'ana mpaka anatembenuza nkhope.

Tinathawa. Mayi anabereka kumsana mng'ono wanga Sabina, yemwe anali atatentha thupi. Ine ndinanyamula buledi ndi bulangeti. Tili pamtunda tinaona utsi m'dera lathu lonse. Nyumba yathu yokha sinapse.

Tinayenda masiku atatu m'mapiri. Sabina ankangoti "pani, pani". M'chinenero chathu amenewo ndi madzi. Tsiku lachitatu anasiya kupempha. Tinamuika pansi pa mtengo wa paini, titakumba ndi mbale.

Tinaolokera ku Montenegro masana. Msilikali wapamalire anatiwerenga, nalemba kuti awiri.

Patapita zaka tinafika mumzinda wa Perth, kutsidya kwa nyanja. Ndikubereka m'chipatala ku Fremantle, pafupi ndi mzindawo, mutu utasokonezeka ndi ululu, ndinapempha madzi m'chinenero chathu. Namwino wachimwenye sanafunse kuti ndikuti chiyani. Anabwera ndi kapu. Anati kwawonso amati pani. Pamenepo ndinadziwa kuti bambo sankanama. Madziwo sindinathe kumwa.

Mwana amene ndinabereka tsikulo anakwatira Tiyamike wa ku Ntcheu. Tiyamikeyo ndiye akulemba mawuwa m'Chichewa kuno ku Bentley, dera la ku Perth, kuti abale a mdzukulu wanga adziwe kumene magazi ake ena anachokera. Wandifunsa ngati ndinakhululuka. Ndamuuza kuti alembe kuti ayi.

Munthu amene analoza khomo lathu uja akukhala m'nyumba yathu mpaka lero. Ndinaona chithunzi pafoni. Anaipaka utoto wobiriwira. Sindimufunira imfa yamsanga. Ndikufuna akalambe, miyendo ife, apemphe madzi tsiku lonse, ana ake ali pabwalo akumva. Dzina lake ndaliphunzitsa mwana wanga, ndipo mdzukulu wanganso adzalidziwa.

Mayi anakhala kuno zaka zambiri ndipo anamwalira pabedi loyera, atakhuta. Manda awo ndimapitako pabasi. Manda a Sabina sindingawapezenso. Bambo alibe manda.