Kiyi wa Vani ya Amayi

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chimene atate anachotsedwa ntchito. Nthawi imeneyo makampani ankatsekedwa motsatizana, ndipo mtengo wa ufa unkakwera sabata iliyonse. Ndalama zimene anawapatsa powachotsa, atate anagulira vani yakale yoyera kuti azinyamula katundu wa amalonda. Ine ndinaona kuti vani imodzi singadyetse amuna awiri, ndiye ndinatsanzika ku Matero, komboni yathu ya mu Lusaka, n'kukwera basi.

Ku Joni ndinapeza ntchito pakashopu kodula makiyi ndi kuika maalamu m'magalimoto. Makasitomala sankasowa. Wina kiyi wathyokera m'loko, wina watsekera makiyi m'kati injini ikulira, wina amubera galimoto pageti pake penipeni ndipo akufuna kuti yatsopanoyo isapitenso. Ndinaphunzira kuika loko wa giya, ndi kaswichi kobisika koletsa injini kulira. Ndinaphunziranso kusakhulupirira munthu. Ndinkagona kuseri kwa shopu, chitseko chili maloko okhaokha, ndipo Lamlungu linkatha osayankhula ndi aliyense. Ndinali wosungulumwa kwambiri, koma ndinkati umu ndi mmene amakhalira anthu ochenjera.

Ndalama ndinkatumiza kudzera mwa azimayi a ku Lusaka obwera kudzaoda katundu, ndipo mauthenga akumudzi ankabweranso ndi iwowo. Ndi iwo amene anandiuza kuti atate anamwalira, maliro ataikidwa kale. Nditatha kulira ndinafunsa za vani. Anati ilipo, ndiyo ikudyetsa amayi.

Patapita zaka, nditabwerera, ndinaipeza pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa msewu, poti pabwalo pathu galimoto siingalowe. Chitseko chake chakumbuyo chinali chomanga ndi waya. Kiyi ankakhala pamsomali kuseri kwa chitseko cha nyumba yathu, ndipo komboni yonse inkadziwa zimenezi. Ba Zulu, oyandikana nafe, amene kale anali dalaivala kukampani imene atate ankagwirako ntchito, ankangoti odi, n'kutenga kiyi. Ankanyamula makala, akwaya, odwala opita kukiliniki, nkhuni za pamaliro. Madalaivala ena awiri a mumzere wathu ankachitanso chimodzimodzi. Madzulo vani inkabwera ndi mafuta, ndipo amayi ankalandira kangachepe kawo. Mumthunzi wa vaniyo munkakhala tebulo la azimayi ogulitsa tomato.

Ine zinandiwawa m'maso.

"Amai, aba banthu bazakubelani," ndinatero.

"Yakhala pamenepo zaka zonsezi, Yona mwana wanga," anayankha amayi. "Angaibe ndani?"

Sindinatsutsane nawo. Ndinatulutsa zida zimene ndinabwera nazo, n'kugwira ntchito yabwino kuposa iliyonse imene ndinagwirapo ku Joni: alamu, loko wa giya, kaswichi kobisika pansi pa mpando, maloko atsopano m'zitseko zonse. Kiyi anachoka pamsomali n'kulowa m'thumba mwanga. Wofuna vani ankayenera kudikira ine.

Alamu ija inali yaukali. Mpira ukagunda chitseko inkalira, lole ikadutsa inkalira, ngakhale bango likagwa padenga inkalira. Masiku oyamba anthu ankatuluka m'nyumba akuthamanga. Kenako anasiya. Azimayi a tomato anasamutsira tebulo lawo kutsidya la msewu, akuti makutu akuwawa.

Tsiku lina mchimwene wa Ba Zulu anamwalira. Ba Zulu anabwera kudzatenga kiyi kuti akatenge bokosi, koma ine ndinali m'tauni, ndikufunafuna malo oti nditsegulepo shopu yanga. Anakachita hayala galimoto ya kukomboni ya George. Nditawapepesa, sanakwiye.

"Palibe vuto, ba Yona. Motoka ni yanu."

Kuyambira pamenepo anthu anachepa kudzaipempha, ndipo kangachepe ka amayi kanachepanso. Ine ndinkawauza kuti apirire, chachikulu n'chakuti vani ili pabwino.

Inapita Lachinayi masana, dzuwa likuswa mtengo. Amayi anali ku msonkhano wa azimayi kutchalitchi, ine ndinali m'tauni. Kunabwera amuna ovala maovolosi ndi galimoto yokokera zinzake zikafa. Sanavutike ndi loko aliyense. Anaikoleka, anainyamula kutsogolo, n'kumapita nayo pang'onopang'ono chifukwa cha maenje a mumsewu, alamu ikulira njira yonse.

Nditafika ndinapeza pansi pa mango pali dontho la oilo basi. Ndinawoloka msewu kukafunsa Bana Chanda, mmodzi wa azimayi a tomato.

"Tinaiona," anatero akupanga milu. "Yenze kulila monga masiku onse."

Ba Zulu anali pakhonde pawo. Iwonso anaona zonse, mpaka anawalozera amuna aja njira yopanda matope.

"Banakamba ati mwabatuma imwe, motoka yafa, baipeleka ku galaji," anandiuza. "Kale sembe ninabaimika, chifukwa onse bamene benze kuigwila nenze kubaziba. Manje vanu imwe sitiviziba."

Sanali kundinyoza. Ankangofotokoza mmene zinayendera, ndipo zimenezo ndizo zinandipweteka koposa.

Ndinakanena kupolisi, analemba, koma vani sinapezeke. Ku Joni ndinkamva nkhani zotere tsiku lililonse, ndipo ndinkadziwa kuti pofika mawa lake idzakhala itaphwasulidwa, zitsulo zake zili pamsika. Chimene sindinkadziwa n'chakuti kwathu galimoto yomanga ndi waya ingakhale m'mbali mwa msewu zaka zonsezo, chifukwa munthu aliyense wa mumzeremo anali ataikwerapo tsiku la mavuto ake.

Amayi atabwera sanalire, sanandikalipirenso. Anaima pansi pa mango atavala yunifomu yawo ya kutchalitchi, akuyang'ana dontho la oilo lija. Kenako anatambasula dzanja.

"Bweretsa kiyi wa atate ako."

Ndinawapatsa. Analowa m'nyumba n'kukamupachika pamsomali paja, ndipo ali pomwepo mpaka lero.

Sabata yotsatira azimayi a tomato anabwezera tebulo lawo pansi pa mango, poti phokoso linali litatha. Anasendera pang'ono kuti amayi apeze poyala milu yawo.