Mano a Amalume ndi Mchila wa Sitima

Ndikukumbukila dzinja limene ndinakanenela amalume anga kwa a vetenale. Ndinali mtsikana wa Giledi 5, ndikukhala kwawo ku Nyampande amai atamwalila. Amalumewo anali mkulu wa mpingo. Lasabata ankalalikila za chifundo mpaka azimai kupukuta misozi ndi chitenge. Lolemba chifundocho ankachisiya m'thumba la jekete, n'kutenga chikwapu.

Pa ng'ombe zathu zolima, yanga ya pamtima inali Sitima, yofiila, ya nyanga imodzi yopindika. Joko linali litamudya pakhosi. Chilonda chinali chachikulu ngati chikhatho, chonunkha, ntchentche zili mbwee. Mankhwala a amalume anali oilo wakuda wa kuchigayo: kuthila, kuphimba ndi saka, joko pamwamba, tiyeni kumunda. Sitima akatopa n'kugona mumzele, ankayamba ndi chikwapu. Chikwapu chikalephela, ankawelama, kugwila mchila n'kuuluma. Inde, ndi mano. Munthu wamkulu wathunthu, pakamwa pomwe paja pa Lasabata, ali ndi mchila wandowe! Odutsa ankapeleka moni mwaulemu, kudandaula n'kukayambila kuseli kwa chulu.

Tsiku la dibi amalume anam'tsekela Sitima m'khola kuti asaonedwe, ine n'kupita ndi zotsalazo. A vetenale athu anali mai wochokela kumpoto, wa Chinyanja chosakaniza ndi Chibemba, ndipo ng'ombe zonse ankazidziwa. Anandifunsa kuti yofiila ija ili kuti. Ndinali nditauzidwa kunena kuti yasochela, ndipo ndinkadziwa kuti amalume akandithamangitsa ndilibe kwina kolowela. Koma fungo la chilonda lija linali likadali m'mphuno. Ndinaulula zonse, mpaka za mchila.

M'mawa mwake njinga yamoto ya a vetenale inaima pakhomo. Amalume anatulutsa mpando wa alendo n'kulamula kuti nkhuku igwidwe. Maiyo mpando sanauone n'komwe, analunjika kukhola. Atavundukula saka, mphutsi zinagwa pansi. Anatsuka chilondacho, n'kupopela mankhwala. Kenaka ananena kuti Sitima asaone joko milungu itatu, kuti iwo azidutsa Lachisanu lililonse, ndipo akapeza zosiyana nkhani ipita kupolisi.

"Bambo, khosili likanakhala lanu, mukanalola joko?" anafunsa motelo.

Maiyo atapita, amalume sanandimenye, anali wochenjela. Anangondipatsa khasu.

"Popeza Sitima ndi m'bale wako, mizele yake ulima ndiwe."

Milungu itatu ndinkalima ndisanapite kusukulu, ndikaweluka n'kubwelelanso. Matuza anaphulika, ena n'kumela pamwamba pake. Aja odandaula kuseli kwa chulu ndiwo anandipatsa dzina loti kapolisi wa ng'ombe, ati mwana wamasiye wopanda kuthokoza. Zinandiwawa, ndipo ndinkalila. Uku Sitima ali phee pamthunzi, akubzikula ngati bwana, nthiti zikubisika tsiku ndi tsiku.

Chilonda chitapola, anam'bwezela pajoko. Atafika m'mphepete mwa munda, Sitima anaima nji, osasuntha. Amalume anayang'ana kumsewu, kunalibe njinga yamoto, ndiye anawelama monga mwa chizolowezi. Anaiwala kuti kale ankaluma ng'ombe yopanda mphamvu ngakhale yoingitsa ntchentche. Mwendo wakumbuyo unangoti phaa! Mano awili akutsogolo tinawatola mumzele.

Kutchalitchi ananena kuti anagwa panjinga. Mpingo wonse unati pepani, nkhope zili zachisoni, chikhalilecho nkhani inali itafika kale kuchitsime. Kuyambila pamenepo ulaliki wawo unkatuluka ndi kamluzi, ndipo ine ndinkaluma chitenge kuti ndisaseke.

Masiku ano ndimakhala m'tauni ya Petauke. Ngolo ikadutsa, ng'ombe ili ndi khosi lofiila magazi, anthu amatulutsa mafoni, kujambula, kutumizilana, kulemba kuti zachisoni. Chulu chija changolowa m'foni basi. Ofesi ya vetenale ili pafupi, koma miyendo yofika kumeneko palibe. Ine ndimapita, ndipo kumsika amanditi amai ovuta. Avutike nane, dzinalo ndinalilimila ndi khasu. Sitima anafa ndi ukalamba, khosi lili losalala, ndipo amalume mpaka kumanda sanalumenso mchila. Kulapa kapena kusowa mano, sindinawafunse.