Mwala wa mlongo wanga wopanda dzina

Lero ndapeza batire lakutha m'kabati, ndipo fungo lake la dzimbiri landibwezera ku Bangwe, chaka chimene akuluakulu ankavotera matipate.

Amayi anali atangochira mwana wamwamuna, koma mwanayo anamwalira mchombo usanagwe, asanapatsidwe dzina. Anakamuika azimayi okhaokha, ndipo ife anatiletsa kulira. Ndinali kamtsikana ka sitandade folo, koma zinandipsetsa mtima. Mlongo wanga weniweni, osamulira?

Tsiku lina masana abambo anatsitsa mabatire amene ankayanika padenga, n'kutsegula wailesi. Munthu wina ankafotokoza za miyala ikuluikulu yozungulira dzuwa kumwambako. Akuti amene watulukira mwalawo ndiye amausankhira dzina. Ena amatchula mphunzitsi wawo, ena mkazi wawo, ena mwana wawo amene anamwalira.

"Ababa," ndinatero, "mwala ukhale ndi dzina, mwana wathu ayi?"

"Iwe, zimenezo sitikamba," anandidula, maso ali pansi.

Amayi anali pakhonde, akupinda matewera amene anabwereka kwa aneba kuti akabweze. Ndinapita kuseri kwa nyumba, ndinatola mwala wosalala m'ngalande, n'kudzawaikira pamwendo.

"Ndautulukira ndine," ndinawauza, "koma dzina mutchule ndinu."

Amayi anauyang'anitsitsa. Wailesi inayamba kuzilala, mabatire aja akutheratu. Kenaka anaufumbata mwalawo, n'kuusendeza kukamwa, n'kunong'ona dzina limene ine sindinalimve. Apo m'pamene ndinaona mkaka ukunyowetsa bulauzi yawo, ukutsikira pamatewera paja.