Mbale ya pepala ya mayi a ku Japan

Ndikukumbukira dzinja langa loyamba mu London muno, ndili kamtsikana kosatha msinkhu, kosadziwa Chingerezi ngakhale chilembo chimodzi. Anandibweretsa ndi azakhali anga, anamwino pachipatala, ndipo tinkagona m'kachipinda ka lendi ku Lewisham. Eni nyumba anali mayi okalamba a ku Japan, odwaladwala, ndiye azakhali akapita kuntchito ine ndinkawasamalira.

Mayiwo anali ndi mbale zawo zofiirira, zopepuka ngati makoko a chimanga. Azakhali anandiuza kuti n'zapepala, ndipo ndikangowononga imodzi tonse awiri tikagona pamsewu m'chisanu chija. Ine pepala ndinkalidziwa. Kwathu likangonyowa linkasanduka phala.

Tsiku lina masana, azakhali kulibe, mayi aja anandilozera mbale imodzi, nandilozera mphika wa supu, n'kukwera masitepe kukagona. Ndinathira supuyo m'mbalemo. Kutentha kunabwera m'zikhatho, ine n'kuti basi, yayamba kusungunuka. M'maso mwanga ndinkaona pansi pa mbale pakubooka, supu yowira ili pamiyendo ya munthu wodwala, ife tili panja ndi zikwama zathu. Ndinaima pakati pa masitepe, kukwera ayi, kutsika ayi, n'kumasuzumira kunsi kwa mbale kudikira dontho loyamba. Kumtunda ankaitana dzina langa, mawu akunka nachepa. Supu inazizira m'manja mwanga.

Nditalowa ndinagwada pakhomo ndikulira, mbale nditaikweza kutali ndi bedi. Anayang'ana ine, nayang'ana mbale, osandikalipira. Anatenga kachidutswa ka pepala loyera patebulo, nakaviika m'kapu ya madzi, nandipatsa nsonga imodzi kuti tikokerane. Ndinakoka mwamantha. Anagwedeza mutu kuti ndilimbike. Ndinakoka zenizeni, pepala linakana, ndipo poliyang'ana pawindo ndinaona timitsitsi toyera titapotanapotana m'kati mwake.

Madzulo mayiwo anafotokozera azakhali, azakhali n'kumanditanthauzira. Kwawoko amasenda khungwa la mtengo, amaliphika, amalimenya mpaka lifewe, n'kuliyala pamadzi ndi manja. Mapepalawo amawamata pakadengu ka nsungwi, limodzi pamwamba pa linzake, kenako amapaka utomoni woletsa madzi.

Azakhali anaseka mpaka kutsamira khoma. "Iwe Nachisale, agogo ako ankasula nyanda, nsalu ya khungwa la mtengo ija, pakhonde iwe uli pomwepo. Lero khungwa lomwelo lakuimitsa pamasitepe?"

Ine sindinaseke nawo. Ndinkaganiza za munthu wodwala amene anakhala ndi njala masana onse chifukwa cha mantha anga.

Tsopano ndili ndi zidzukulu zondiyankha m'Chingerezi, ndipo ndaona zinthu zambiri zachilendo m'dziko lino. Mantha sanandichoke, ayi. Koma akandigwira sindiimanso pakati panjira n'kumadikira tsoka. Ndimapita kwa mwini chinthu, ndigwade, ndimuonetse chimene ndikuopa, ngakhale chilankhulo chake sindichimva.