Munati ndibwere pambali panu

Atate a Taonga, lero pamsika wa ku Chelstone ndaona bambo wina ali pa wilitcheya yamagetsi ngati yanu ija, akudziyendetsa yekha pakati pa maminibasi. Ndaima ndi tomato m'manja mpaka wakhota. Ndakumbuka tsiku loyamba lomwe munatuluka nayo yanu pageti. Zaka zinayi chichitikireni ngozi ija ndinali nditazolowera kukukankhani, ndiye manja anga anapita okha kumbuyo kwa mpando. Ndinkaopa ngalande, ndinkaopa madalaivala. Inu munaimitsa n'kunena kuti, "Amake Taonga, chotsani manja. Nalema kukamba na munthu wamene sinimuona. Bwelani apa pambali." Ndinakwiya, ndinati mukagwera m'ngalande musandiitane. Munangoseka, n'kukankha kachitsulo koyendetsera kaja ndi chala, ine n'kumakuthamangirani chitenje chikumasuka. Pamsika munasankha nokha tinsomba ta kapenta, ndipo pobwerera tinacheza njira yonse tikuonana nkhope.

Papita chaka tsopano chitisiyireni. Wilitcheya ili pakona pabalaza pomwe munaisiya, ndipo ndimaitchajabe Loweruka lililonse ngati pali amene atuluke nayo. Kumsika ndimapita ndekha, ndimabwera ndekha, osayankhula ndi munthu. Tsiku lina Taonga anandiperekeza, ndipo anandifunsa chifukwa chomwe ndimayendera m'mphepete mwenimweni, pafupi ndi ngalande, pamene njira ndi yotakasuka. Ndikanamuuza bwanji mwana wanu kuti malo enawo ndi anu?