Amene Ankatembenuza Nsomba za a Giya

A Giya anakalambira pa chiwongolero cha basi, ndipo dzinali anawapatsa ndi makondakitala chifukwa posintha magiya basi yonse inkachita kubuula. Kunyumba anali munthu wofatsa, wa vuto limodzi lokha: nsomba yokazinga. Akazi awo ankasankha ya mnofu woyera, n'kuipaka ufa, dzira ndi nyenyeswa za buledi, kenako n'kuimiza m'mafuta mpaka isambire.

"Mwamuna woonda n'chitonzo kwa mkazi," ankatero mayiwo.

A Giya atapuma pantchito, mayi aja anadwala pang'ono n'kumwalira. Chaka chisanathe, mtima wa a Giya unayamba kuvuta, dokotala n'kuwaletsa zokazinga. Mwana wawo wachisamba, yemwe anakwatiwa kutsidya kwa tauni, anawaphunzitsa kuphika nsomba ija mu uvuni: kuiumitsa kaye ndi kansalu, kuwaula nyenyeswa padera kuti zifiirire, kudontheza mafuta osadzaza supuni, n'kuyala zidutswazo pa kawaya.

"Koma muzitembenuza, adadi, apo ayi ipsa mbali imodzi."

Iwo ankaiwala. Akatseka uvuni, ankakakhala pampando wapakhonde n'kuwodzera ndi dzuwa la masana. Komabe nsomba sinapserere. Akathamangira kukhitchini, ankapeza zidutswa zonse zatembenuzidwa, zandandalikidwa michira kuloza kumodzi, foloko ili pambali pa sinki, yotentha chogwirira.

Sanauze munthu. Anangoyamba kunena "zikomo, mayi" asanadye, nsomba n'kumalira kukutu kukutu m'nyumba ya zii.

Loweruka lina mwana uja anabwera kudzawachapira. Onse ali pakhonde, m'khitchini munamveka chitseko cha uvuni chikutseguka, kenako kutsekeka mofatsa.

"Muli ndi mlendo, adadi?"

"Ayi. Khala pansi, samafuna kuonereredwa akamaphika."

Mwanayo anawayang'ana, tsitsi lili nyaunyau. Anapita kukasuzumira, n'kupeza nsomba itatembenuzidwa koma m'khitchinimo mulibe munthu. Anawachonderera kuti asamukire kwa iye, koma anakana.

"Ndisiye nyumba ili ndi mwini wake?"

Zinthu zinasintha nyengo yozizira. Tsiku lina a Giya anadzidzimuka ndi fungo limene analiiwala kalekale. Utsi unali tolotolo m'khitchini. Uvuni unali wozima, kawaya kali mbee, koma pambaula panali chiwaya chakuda cha malemu akazi awo, chimene mwana wawo anali atachibisa pamwamba pa kabati. Mafuta anali akubwatabe, botolo lili pululu. Patebulo panali mbale ziwiri, mipando iwiri itakokedwa, ndipo m'mbale yawo nsomba inali kunyezimira, mafuta akuyenderera.

Malovu anadzaza m'kamwa. Anakhala pansi, n'kunyamula chidutswa. Mpando winawo unalira pang'ono, ngati munthu wasendera pafupi.

A Giya anabweza nsomba ija m'mbale.

"Mayi, mukundiitana kodi?"

Kamphepo kozizira kanawakhudza pakhosi.

"Ndakusowani, eee. Koma mdzukulu wathu sanayambe n'kuyenda komwe. Ndiloleni ndimuoneko."

Mafuta m'chiwaya analeka kubwata nthawi yomweyo, ngati wina wawathira madzi oundana.

Madzulo ake a Giya anafika kwa mwana wawo ndi kachikwama ka zovala ndi kawaya kaja kukhwapa. Nyumba anaitseka osatsuka mbale.

Ali komweko mpaka lero. Amaphikira banja lonse nsomba ya mu uvuni, ndipo mkamwini wawo amaitama kuti imaposa yogula. Akamaphika amaima pomwepo, foloko m'manja, osachoka ngakhale wina awaitane. Mdzukulu uja tsopano amathamanga bwalo lonse, ndipo a Giya, akamuona, amayamba aseka, kenako n'kukumbukira kuti nthawi imene anapempha kwa mayi aja yakwana.